Kamera ya Maso Awiri

Lachiwiri lapitali aNyazimba anafika pakhonde pano atapanira nsalu yakuda m'khwapa. Chaka chakwana chimwalirireni amuna awo, a Yotamu Mtonga, ndipo ndinali nditamva kuti abale anakumana kale kumudzi ku Mphamba, kupemphera, kumwa chindongwa, ndi kuwamasula mayiwo kuti avule zakuda. Choncho ndinaganiza kuti nsaluyo aibweretsa kuti ndiidule, mwina mutuluke kasiketi ka mdzukulu.

"Monile a Telala," anatero.

"Monile amama. Namva kuti mwavula."

"Avule okha amene ananena. Pindani m'mphepete umu, ulusi wayamba kumasuka. Nizabwela kutenga pa Chisanu."

Lero ndi Lachinayi, ndipo sindinaisoke. Ndikaiyala pa makina ndimadzuka, nkupezeka ndaima m'mbali mwa msewu ngati wodikira basi. Ndikabwerera ndimayamba buluku la munthu wina, nkulisiya lili ndi mwendo umodzi. Matenda amenewa si anga ayi. Ndi a mwini nsaluyo, malemu a Mtonga, amene tinagawana khonde lino pa boma la Lundazi kwa zaka zambiri, ine mbali ino ndi makina osokera, iwo mbali iyo ndi zithunzi. Nsaluyo ndinasoka ndine, koma sindinaisokere maliro.

A Mtonga anali munthu wosadziwa kuti mpando ndi wa chiyani. Boma lonse linkawatcha a Kavuluvulu, ndipo dzinalo ankalivomera ali kale patali. Tiyi ankamwa chiimire, phazi limodzi lili pa pedulo ya njinga. Kutchalitchi ankakhala kumapeto kwa benchi, pafupi ndi chitseko, ndipo ulaliki ukatalika unkangoona kuti pamalopo patsala chipewa chokha. Ukawapatsa moni, yankho linkakupeza likuchokera kuseri kwa sitolo. Ankati munthu wokhalitsa pansi amamera mizu, ndipo cha mizu chiswe sichichedwa kuchipeza. Mawu amenewa ankawanena akuyang'ana ine.

Ine kukhala pansi ndiyo ntchito yanga, ndiye tangoganizani. Ankanditcha nkhuku yofungatira mazira osaswa. Tinkakangana m'mawa, masana ndi poweruka. Ati makina anga akugwedeza khonde. Ati timaulusi tanga tikumata pa chinsalu chawo chakumbuyo, chija chojambulidwa nyumba yosanja ndi ndege. Ati anthu odzayesa zovala akuwatchingira dzuwa. Ine ndinkawabwezera kuti kuona maso a nkhono nkudekha, iwo nkuyankha kuti chiyambireni ntchito sanaonepo munthu wobwera kudzafuna chithunzi cha nkhono.

Kamera yawo inali yaing'ono, yolendewera pakhosi. Nayo anazungulira midzi yonse, ku Chikomeni, kwa Mwase, kulikonse kumene njinga ingafike. Anajambula maukwati ndi maubatizo, alimi ataima monyada kutsogolo kwa zigafa za fodya, madoda atagwira nyanga ya ng'ombe imene amaikonda kuposa ana awo, komanso nkhope zodzidzimuka zimene zili pa mareji, ziphaso za boma za anthu a kuno. Ankati nkhope ya munthu ndi mbalame yotera pa mpanda, ukati uyambe wakonza legeni upeza yapita. Ndiye ankajambula chothamanga. Kutsinzina diso lamanzere, kukanikiza lamanja pa kabowo koonera, kha! Nkukwera njinga.

Mbalame imodzi yokha ndiyo inawakanika, ndipo inali ya m'nyumba mwawo momwe. ANyazimba analibe chithunzi chojambula amuna awo, ngakhale chimodzi. Cha pa reji anakajambulitsa kwa munthu wina. Ankati powafunsira ukwati a Mtonga anabwera ndi maso awiri, koma chilowereni kamera m'nyumbamo akhala akuyang'anidwa ndi diso limodzi, nalonso litabisala kuseri kwa chitsulo. Kuno kwathu mwamuna wotsinzinira mkazi diso limodzi amakhala ndi zake, ndipo mkazi wodzilemekeza amatembenuka. Iwo ankatembenukadi.

"Nili mkazi wa pa ukwati ine," ndinawamva akunena tsiku lina pomwe pano. "Ofuna nkhope yanga abwele na maso onse awili."

A Mtonga anayesa kuba. Anabisala kuseri kwa nkhokwe, anabisala m'chimanga, anayesa pa chitsime. Koma mayiwo anali ndi khutu lomva kamera isanalire. Mapeto ake bamboyo anadzaza chitini chonse cha mabisiketi ndi zithunzi za msana wa mkazi wawo: duku, phewa, chigongono, dengu la mtedza likutchinga pamene payenera kukhala nkhope. Tinkaseka nazo, iwo omwe ankaseka. Inali nkhani yoseketsa alendo mpaka pamene inaleka kuseketsa.

Anamwalira atakhala pampando. Ndanena msanga chifukwa mpaka lero sizikundilowa m'mutu. Amene anabwera kudzandiuza za malirowo ndinamufunsa kawiri kuti pampando pa ndani, ngati kuti mpandowo ndiwo unali ndi mlandu. Koma ndathamangira kutsogolo, ndi matenda aja ndanena.

Zinayamba chaka chotsatana ndi chilala chachikulu chija, tidakadya chimanga chachikasu. Mnyamata wina wa ku Chikomeni anabweza chithunzi cha reji chifukwa mutu wake unaduka pamphumi. A Mtonga anati ndi filimu ya masiku ano. Kenaka mkwatibwi wina anatuluka ali mbuu ngati waima m'utsi, ndipo anati ndi dzuwa. Tsiku lina m'mawa ndinawaona akuthira tiyi pambali pa kapu, tiyiyo nkumayenderera pa simenti, iwo osadziwa. Ndinangoponyapo kansanza, iwonso sanafunse kuti kansanzako nka chiyani. Pambuyo pake ndinadzamva kuti kuchipatala anali atawauza kale kuti si ng'ala yoti nkuchotsa, maso akufa chamkati, ndipo palibe choimitsa.

Chakudza sichiimba ng'oma, koma iwo anali ataimva. Kusakhazikika kwawo kunasintha mtundu. Kale ankathamanga ngati munthu wopita kwinakwake, tsopano ankangozungulira khonde, kutsika, kukwera, kutsegula chitini chija ndi kutsekanso. Ndinkaona ndi diso la m'mbali akuyandikiza msana wa mkazi wawo pamphuno. Munthu wojambula boma lonse anali pafupi kulowa mumdima alibe nkhope ya mkazi wake yoti aiyang'anitsitse, pakuti mwini wake ukamuyang'anitsitsa ankafunsa kuti wataya chiyani. Chimene ankafuna chinali chimodzi basi: chithunzi cha aNyazimba, chachikulu, maso asanazime.

Ndiye tsiku lina anandiuza kuti ndiwaperekeze ku Chipata. Ine ndinali ndi ulendo wanga wokagula nsalu za mayunifomu, choncho sindinafunse zambiri. M'basi ndi momwe anandiuza kuti agulitsa ng'ombe imodzi, ana awo akudya mutu nazo, ndipo kuli mmwenye wina wokalamba amene akutseka situdiyo yake kuti atsatire ana ake kunja. Nthawi imeneyo anyamata onse anali atathamangira ku timakamera tating'ono ta zithunzi zamitundu. Ndinaganiza kuti nawonso akufuna kameneko.

Mkuluyo anatilowetsa m'chipinda chonunkha mankhwala ndi fumbi, nkuvundukula makamera awiri a kale, aja okhala pa miyendo itatu, okhala ndi mvukuto pakati ngati wa osula makasu. Kutsogolo kuli diso, kumbuyo kuli galasi lachimbuuzi, ndipo wojambula amafunda nsalu kumutu kuti aone chithunzi pagalasipo. Imodzi inali yamatabwa, yopepuka, yopindika nkusanduka kasutikesi. Inayo inali yachitsulo, yoyenda pa mtanda wake ngati sitima pa njanji, galasi lake lalikulu ngati tsamba la kope la ana a sukulu. Kuinyamula wekha kunali kufuna kuthyoka msana.

Mwini wake anali munthu wachilungamo. Atamva kuti mnzangayo ntchito yake ndi ya pa njinga, ndipo sanagwirepo kamera yamtundu uwu, anati atenge yamatabwa. Filimu yake siivuta kwambiri kupeza, imakwera pa kaliyala, ndipo munthu woyamba kumene aziyamba ndi chopepuka. Ine ndinavomereza ndi mutu, ndi pakamwa, ndi manja omwe.

A Mtonga anafunda nsalu kuseri kwa yamatabwa ija, nkutuluka msanga. Anapita pa yachitsulo. Analowa, ndipo sanatuluke. Ndinayang'ana miyendo yawo ili panja pa nsalu, miyendo imene ndinali ndisanaione itaima malo amodzi, ili zii ngati mitengo ya mpanda. Mwini situdiyo anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kudenga.

"Apa niyang'ana na maso onse awili?" anafunsa ali mkati momo.

Mkuluyo anati inde, pagalasi umayang'ana monga uyang'anira pawindo.

"Nanga pa nthawi yodina, nikhala kuti ine?"

Mkuluyo anafotokoza kuti ukakonza zonse umalowetsa kabokosi ka filimu kutsogolo kwa galasi, ndipo pagalasipo pamada, suonanso kanthu. Umatuluka mu nsalu, nkuima pambali pa kamera utagwira kampira kofinya kamene kali kumapeto kwa kapaipi, nkumuyang'ana munthuyo kumaso, nkhope ndi nkhope. Ankanena modandaula, ngati akuulula chilema cha katundu wake.

A Mtonga anatulutsa mutu. "Basi. Ni yamene iyi."

Ndinakangana nawo msewu wonse wobwerera, ndipo amene akuudziwa msewu wa Chipata wa masiku amenewo akudziwa kuti inali nthawi yokwanira kukangana, kugwirizana ndi kuyambiranso. Miyendo ya kamera inali padenga la basi pamodzi ndi matumba a feteleza, koma thupi lake analifungata pamiyendo, ndipo basi ikagwa m'dzenje ankalinyamula m'mwamba ngati khanda. Ndinawauza kuti agula chimwala. Ndinati kamera yosakwera njinga kwa munthu ngati iwo ili ngati kumangirira mbuzi pa chitsa. Anati mwina mbuziyo yatopa. Ine ndi uchitsiru wanga ndinkaganizabe za ntchito ndi makasitomala, osadziwa kuti chinthu chonsecho agulira munthu mmodzi.

Nsalu ya mmwenye uja inali itadyedwa ndi njenjete, ndiye yatsopano inagwera ine. Tinagula yakuda bii, yokhuthala, ndipo ndinaisoka mophatikiza kuti kuwala kusadutse. M'makona onse ndinasokereramo timawashala ta njinga kuti mphepo isamaiulutse. Poyesa, a Mtonga anaifunda kumutu pomwe pano, masana dzuwa likuswa mtengo, amayi a ku Mphamba akudutsa kuchokera kumsika.

Nkhani inafika kumudzi ife tisanaweruke. Ati a Kavuluvulu akudziwa kuti akufa, ndipo asoketseratu mkazi wawo nsalu ya umasiye, ayesa ndi kuyesa komwe. Kuno nsalu yakuda ya msinkhu umenewo ili ndi ntchito imodzi yokha, ndipo kuisoka munthu ali moyo ndi malodza. M'mawa mwake aNyazimba anatipeza tisanatsegule bwino. Sanapereke moni.

"A Mtonga, ngati mufuna kufa, ifani. Koma nsalu nizasankha nekha."

"Ni ya kamela, Nyazimba."

"Kamela yafedwa?"

Kenaka anatembenukira kwa ine nkundifunsa ngati ndilibe ntchito ina yoti ndisoke. Ndinalowa pansi ndi manyazi. A Mtonga anayamba kufotokoza za galasi ndi za maso awiri, koma anafotokoza chothamanga, mawu akupondana, ndipo mayiwo anali atafika kale pa mtengo wa mango uko. Chimakamera chija sanachiyang'ane nkomwe.

Chinakhala pakhonde pano, miyendo yake yachitsulo ikukumba simenti pang'onopang'ono. Madzulo tinkachinyamula awiri kulowa nacho m'kachipinda kawo kotsukira zithunzi, m'mawa nkuchibwezera pa timaenje take tomwe tija. Anthu ankabwera kudzaonerera. Ndipo panabuka vuto lina limene mmwenye uja sanatichenjeze mokwanira: pagalasi paja munthu amaoneka chadodolido, mutu pansi, miyendo m'mwamba. Bambo wina wa kwa Mwase atamva kwa mnzake amene anasuzumira, anadzuka pampando nkunena kuti zoyenda chadodolido amazidziwa, ndipo iye sali m'gulu limenelo. Amayi ankakhala pampando atagwira zitenje mwamphamvu m'mawondo, kuopa kuti mkatimo zigwera kumutu, bambo wa eni ake nkuona zosayenera. A Mtonga ankalumbira kuti chitenje sichigwa, koma ndani akanayesa? Zithunzi zambiri za nthawi imeneyo zili ndi amayi okwinya nkhope, zibakera zili pa mawondo.

Kamerayo inawaphunzitsa zimene ine ndinalephera. Siinkalola changu. Ukaiwala kutseka diso lake usanatsegule kabokosi, filimu yapsa. Ukaigunda ndi bondo, yambiranso. Ankatukwana, kuizungulira, kupita kumsewu ndi kubwerera, koma pamapeto pake ankayenera kuima. Anayeserera pa ine mpaka ndinatopa, pa njinga yawo, pa galu wa mwini sitolo. Mkazi wawo yekha ndiye sankamupempha. Ndikawafunsa ankati mawa, akufuna ayambe aizolowera. Filimu ya mmwenye inkatha, ndipo maso nawo ankatha. Anayamba kugwiritsa kagalasi kokulitsa zinthu, kenaka nako kanayamba kuwachepera. Ndinawauza kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Anangotembenuka nkukapukuta diso la kamera.

ANyazimba anabwera okha, mvula yoyamba itangogwa. Anavala chitenje chawo cha kutchalitchi ndi duku latsopano. Amuna awo anali m'kachipinda, ndiye anayamba kuima pa makina anga.

"Dzulo apeleka moni kwa mtondo," anandinong'oneza. "Anaona monga ndine. Aganiza kuti sinidziwa."

A Mtonga atatuluka ndi kumva mawuwo anaima pakhomo, mbale ya mankhwala ili m'manja.

"Niyambe naona ine," anatero mayiwo. "Khalani apo."

Ndipo a Kavuluvulu anakhala pampando wa makasitomala ngati mwana wodikira jakisoni. ANyazimba anafunda nsalu ija imene anaitukwana. Panapita kanthawi, kenaka nsaluyo inayamba kugwedezeka. Ankaseka.

"Mutu pansi, miyendo m'mwamba. Ni mwamene mulili, a Mtonga. Kamela iyi siinama."

Anatuluka, napukuta misozi ya kuseka, nati aonadi kuti mkatimo munthu amayang'ana ndi maso onse. Anawakankha amuna awo pampando nakhalapo iwo. Chitenje sanachigwire m'mawondo. Manja anawaika pamiyendo, chikhatho pamwamba pa chinzake.

A Mtonga analowa mu nsalu. Ndinkamva kachitsulo kopukusira kakulira, kupita kutsogolo, kubwerera m'mbuyo, kupitanso kutsogolo. Zinatenga nthawi. Anthu opita kumsika anayamba kuima pamsewu.

"A Telala, bwelani mugwile nsalu. Mphepo," anaitana a Mtonga.

Kunalibe mphepo ngakhale yogwedeza tsamba. Ndinapita, ndipo dzanja linatuluka nkundikokera mkati. Tinali madoda awiri mumdima, mitu itagundana, mpweya wawo ukununkha tiyi.

"Niona duku," ananong'ona. "Niona mapewa. Maso siniyaona. Pukusani mpaka muone nsidze."

Mtima unandipweteka kwambiri, sindibisa. Zaka zonse zija munthuyu anali asanandipemphepo kanthu, ngakhale singano. Ndinagwira kachitsuloko ndi zala zanga zozolowera kulowetsa ulusi, nkupukusa pang'onopang'ono. Nkhope ya aNyazimba inatuluka mu nkhungu ili chadodolido: makwinya a m'mbali mwa maso, mphini ziwiri za patsaya, kenaka nsidze, imodziimodzi.

"Apo," ndinatero.

"Zaoneka?"

"Zaoneka zonse."

Anayandikiza nkhope mpaka mphuno inakhudza galasi, nakhala choncho. Kenaka anatseka diso la kamera, analowetsa kabokosi ka filimu, nasolola chotsekera chake, zonse mwa kukhudza, mosalakwitsa kalikonse. Ine ndinabwerera pa makina anga. Iwo anatuluka mu nsalu, naima pambali pa kamera, kampira kali m'dzanja, maso onse awiri ali tong'o.

ANyazimba anawayang'ana kwa nthawi. Atalankhula sanakweze mawu, koma pakhonde panali zii moti tonse tinamva.

"Mwabwela nayo maso awili yatasila."

"Yatsalako pang'ono," anayankha a Mtonga. "Niyamene nakusungilani."

"Apo muniona?"

"Iyai."

"Fendelani."

Anasendera. Mayiwo anati asenderenso. Anapitirira mpaka kapaipi ka mphira kanakungika, dzanja lili m'mbuyo, iwo atawerama patsogolo pa mkazi wawo, cham'mbali pang'ono. Ndinaona kuti alowa m'chithunzi. Anaima pamenepo osagwedezeka, munthu amene ulaliki unkamukanika kumukhazika. Wina pamsewu anatsokomola. Ngolo ya ng'ombe inadutsa. Iwo ankangoyang'ana, ndipo aNyazimba sanatembenuke. Kamera inalira kamodzi.

Chithunzicho chinatuluka. Nsidze zonse zilipo, ndipo ndimanyadira chifukwa pamenepo pali dzanja langa. Mayiwo sakuyang'ana kamera, akuyang'ana m'mwamba pang'ono chakumanzere, pakamwa pali ngati pakufuna kutuluka mawu ena achipongwe. Kumbali imeneyo, m'mphepete, kuli chinthu chakuda chosaoneka bwino: phewa la jekete ndi khutu limodzi. A Mtonga anati phewalo laononga ntchito ndipo alidula. ANyazimba anati akalidula awadulanso iwo. Munthu amene anajambula boma lonse analibe chithunzi chakechake, ndipo chimene chilipo ndi chimenecho, phewa ndi khutu.

Anachitsuka chachikulu monga pepala likanalolera. Miyezi yotsatira ankachiwerenga ngati kalata ya Chizungu, mphuno ili pa pepala, kuyambira pa duku, kutsika ku mphini, kukafika pachibwano, nkuyambiranso. Mvula ina isanabwere kunawadera kotheratu. Kamera ija siinajambulenso munthu wina woti ndingamukumbuke. Ana awo ankati ng'ombe yathunthu inapita chifukwa cha pepala limodzi, ndipo sankanama.

Mdima sunawakhazike pansi msanga. M'mawa uliwonse ankayenda kuchokera ku Mphamba kudzafika pano, aNyazimba ali kutsogolo atagwira nsonga ya ndodo, iwo kumbuyo akudandaula kuti mayiwo akuchedwa. Akafika ankaima pa malo awo, dzanja lili pa kamera, nkumandiuza kuti makina anga akugwedeza khonde. Nthawi zina ankandilamula kuti ndiwauze zimene zili pa chithunzi chija, ndipo ndikati mayiwo akumwetulira ankakana, ati sindidziwa kuona, kumeneko si kumwetulira, ndi kunyoza kwa chikondi. Tinkakangana mpaka aNyazimba atabwera kuchokera kumsika kudzawatenga. Miyendo ndiyo inadzatha pomalizira, ndipo mpando uja unawapeza.

Pa maliro ndinaiona nsalu yanga. ANyazimba anali ataifunda kuyambira kumutu, ndipo amayi a ku Mphamba amene anafalitsa nkhani ija ankagwedezerana mitu, ati tinanena ife. Ndinaizindikira ndi makona ake, olendewera molemera kusiyana ndi nsalu za anthu ena. Powerama kuti atsanzike, timawashala tija tinagogoda pa bokosi. Abale anali atagula nsalu ina yatsopano, yopepuka, koma mayiwo anaikana. Anati ananena kale kuti adzasankha okha.

Ana anadzatenga kamera ndi ngolo, ndipo ndikumva kuti ili kumudzi, m'chipinda chosungira chimanga. Chinsalu cha ndege ndi nyumba yosanja chinapita nawo. Mbali iyo ya khonde kwatsala msomali umene chinkakolekedwapo, ndi banga la tiyi pa simenti limene silinachoke. Kachipinda kotsukira zithunzi mwini sitolo akusungiramo makreti. Akuti mwezi ukatha pabwera wokonza mawotchi, ndipo ayamba wamata pansi chifukwa tebulo lake likufuna posalala.

Pakadali pano timaenje titatu tija tidakalipo. Mumalowa fumbi ndi makoko a mtedza, ndipo mvula ikawomba cham'mbali mumadzaza madzi. Ndikamapita kumsewu ndimatilambalala, kuopa kugunda mwendo wa chinthu chimene palibe. Kutsogolo kwake kuli malo oyererako pang'ono pamene pankakhala mpando wa makasitomala.

Lachiwiri lija, pamene ndinkayang'ana ulusi womasuka m'mphepete mwa nsalu, aNyazimba sanakhale pa benchi langa ngakhale ndinawalozera. Anapita kukaima pa malo oyerawo, nkhope italoza ku timaenje. Anakonza duku, naika chikhatho pamwamba pa chinzake, nayang'ana m'mwamba pang'ono chakumanzere.